Tsiku Lomwe Ndinazula Chitseko cha Ba Esinati

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha ndewu. Sukulu ndinali nditasiya kale, mu Giredi 6, nditamenyana ndi mnyamata wina yemwe ankaseka kabudula wanga wong'ambika kumbuyo. Aphunzitsi anati ndikaitane atate. Sindinawaitane, ndipo sindinabwererenso. Zaka zingapo ndinazithera pamsika wa Chongwe ndikukankha wilibala ya eni ake, kunyamula tomato, makala ndi mitolo ya anthu otsika basi ya ku Lusaka.

Tsiku lina mnzanga wa wilibala anandilanda kasitomala, ine n'kumugwetsera m'ngalande. Atatilekanitsa, ndinaona mdala wamfupi wa ovolosi yabuluu atatsamira lole yakale akundiyang'ana. Anali Ba Mwanza, a ku Katete ngati makolo anga, omwe ankasamutsa anthu ndi katundu wawo m'dera lonselo.

"Iwe, mphamvu uli nazo," anatero. "Manje nifuna nione ngati uli na manja."

Anadzaza beseni ndi madzi mpaka m'milomo, anaika thabwa kuchokera pansi kufika pa lole, nati ndikwere ndi beseni osataya dontho. Ulendo woyamba ndinanyowa mpaka pamimba. Azimayi ogulitsa anafa ndi phwete, mutu wanga unatentha, ndinatsala pang'ono kuliponya beseni lija. Ulendo wachinayi ndinafika pamwamba madzi ali phee.

"Mawa sikisi awazi," anatero Ba Mwanza. Kulembedwa kwanga kunali komweko.

Anthu amaganiza kuti kusamutsa n'kunyamula chabe. Si choncho. Kuseri kwa mpando wa lole kunali bokosi la zida: zingwe za khonje, malegeni odulidwa ku machubu akale, masaka opanda kanthu, nyundo, masikuludilaiva awiri, tchizulo, sowo, kabotolo ka oyilo ndi choko. Pansi pa mpando pankakhala chitsulo chachitali chomasulira matayala, chomwe tinkachitcha liva. Zolemera zimayamba kukwera n'kutsamira kumutu kwa lole: wadilopu ndi kabati, zili chilili, galasi litayang'ana matilesi. Pakati pa mipando umatsekera masaka kuti isakhulane panjira. Mbale ndi makapu zimalowa m'ndowa pamodzi ndi zovala. Mbaula ndi makala zimakhala kumchira, kutali ndi zofunda. Nkhuku pamwamba penipeni. Khonje ndi womangira zolemera, malegeni ndi okokera tenti. Ndipo ngati pali mabanja awiri, katundu wa yemwe atsike poyamba amakwera pomaliza.

Chovuta koposa chinali nyumba ya lendi yokhalamo anthu awiri. Ba Mwanza ankati katundu wa m'nyumba yotero ali ndi eni atatu: uyu, uyo, ndi landilodi. Choncho tisanagwire chilichonse tinkazungulira ndi choko, eni onse ali pomwepo. Cha uyu mtanda, cha uyo kamzere kozungulira. Chopanda choko ndi cha nyumba, sichikwera, ngakhale wina alumbire bwanji.

Masiku amenewo eni nyumba ambiri ankamanga zipupa, kufolera, kuika mafelemu ndi chitseko chapanja, basi. Chitseko cha chipinda ndi loko wake wolowa ankabwera nazo yekha, ndipo potuluka ankapita nazo. Chitseko chinali chake, koma felemu inali ya nyumba. Ba Mwanza anandiphunzitsa kumasula kwake mpaka kunditopetsa. Uyambe waika kamtengo pansi pa chitseko kuti chisalendewere. Upale penti m'kamzere ka sikuluu ndi msomali. Udonthezere oyilo. Uike sikuludilaiva, uimenye kamodzi ndi nyundo kuti dzimbiri lisweke, kenako upotoze pang'onopang'ono. Hinjesi yapansi iyambe, yapamwamba itsirize. Masikuluu uwamange m'kansanza n'kukapachika pachogwirira. Ikakana imodzi, uwonjezere oyilo n'kupita kukanyamula zina, ubwere pambuyo pake.

Panalinso kalata. Nthawi ya chipani chimodzi munthu sunkangonyamuka ndi katundu wodzaza lole. Pamsewu panali malodibuloko, ndipo ankafuna kalata ya ba cheyamani a sekisheni yonena kuti katunduyo ndi wako ndipo kumene ukuchoka wachoka bwino. Ba cheyamani a kumene tinkagwira kawirikawiri sankalemba mpaka landilodi atanena pamaso pawo kuti nyumba yake yasiyidwa yabwino.

Ndinali nditagwira miyezi isanu pamene linafika tsiku lomwe ndikufuna kunena. Kunali kumapeto kwa Okutobala, kutentha kwa chaka chonse kutasonkhana. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa chigayo. Chipinda china munkakhala Ba Misitiresi Daka, mphunzitsi yemwe anasamutsidwira kusukulu ya kufupi ndi Palabana. China munkakhala Ba Esinati, mayi wamasiye wosoka zovala. Pangano lawo la chaka linkatha tsiku lomwelo masana, ndipo popeza Ba Esinati sakanatha kukhalamo okha, anali kupita ku Kanakantapa kumene mwana wawo anapatsidwa munda. Lole yathu inali ndi tsiku limenelo lokha. Kuyambira m'mawa mwake inali itagwidwa kale kukatuta chimanga kwa milungu itatu.

Choko chinayenda bwino mpaka tinafika pa mbaula ndi simbi yamakala, zomwe anagula pamodzi.

"Mbaula nitenga ine, ba Misitiresi. Imwe ku sukulu muzapeza sitovu."

"Sitovu ya kuti? Muganiza nipita ku State House?"

Anakangana akuseka, mpaka Ba Esinati anatenga simbi chifukwa cha ntchito yawo, mphunzitsi anatenga mbaula. Chitseko cha chipinda cha Ba Esinati ndinachilemba mtanda ndi dzanja langa. Chinali cholemera, chopangidwa ndi malemu amuna awo. Mashini awo osokera tinawachotsa pamiyendo. Miyendo inakwera, koma mutu wake anaukulunga m'chitenje n'kuuika pakhonde, kuti aufukate okha kutsogolo kwa lole.

Landilodi anali Ba Chipungu, mdala wamtali wa chipewa cha nthenga, mbadwa ya komweko. Anabwera m'mamawa ndi kampando kawo, ndipo ntchito yawo inali kunditsata.

"Mwanza, uyu si uja wa wilibala? Mwamupasa choko? Aziba kulemba uyu?"

Ba Mwanza anangoseka. Ine ndinameza. Cha m'ma leveni, katundu wambiri atakwera, Ba Mwanza anapita wapansi kukatenga ba cheyamani. Anandisiyira chitseko.

Masikuluu asanu anatuluka bwino. Yachisanu ndi chimodzi, ya hinjesi yapamwamba, inakana. Kamzere kake kanali kodyeka, sikuludilaiva inkangoterereka. Ndinaika oyilo, ndinamenya ndi nyundo, sinasunthe. Lamulo ndinkalidziwa: usiye, upite kukanyamula zina. Koma panja panali patafika kale ngolo ya ng'ombe ya anthu olowa m'nyumbamo, mayi ndi ana atakhala pamitolo akudikira. Ndipo Ba Chipungu anali ataima kumbuyo kwanga, mpweya wawo ukundifika m'khosi.

"Kasikuluu kamozi kakukanga? Ndiye chifukwa na sukulu inakukanga. Unafika giredi chani, mfana? Giredi wani? Chokapo, niitane mwana wamkazi amasule."

Sindikumbuka kutuluka. Ndikumbuka ndili ndi liva m'manja, nditailowetsa pakati pa chitseko ndi felemu. Ba Esinati anakuwa dzina langa. Ndinakoka kamodzi ndi mkwiyo wonse.

Chitseko chinatuluka. Chinatuluka ndi nyama ya felemu. Thabwa la mbali ya mahinjesi linang'ambika kuchokera pamwamba kutsika mpaka pofika m'chiuno mwanga, pulasitala n'kugwa pansi.

Ba Chipungu sanakalipe. Anatuluka pakhonde, ananyamula mutu wa mashini uja, anakhala pakampando kawo n'kuuika pakati pa mapazi awo.

"Felemu yanga inali ya mukwa," anatero. "Ikabwelela, na iyi izabwelela."

Ndinaponya liva pansi ndi kuyamba kuwalunjika, zibakera zili kale zokonzeka. Ba Esinati anaima patsogolo panga. Anali mayi wochepa thupi, mutu wawo unkandifika pachifuwa.

"Jailosi, mwana wanga, niyang'ane. Ukabamenya, mashini yanga izagona ku polisi, na iwe pamozi. Ine nizadya chani ku Kanakantapa? Nilibe ng'ombe, nilibe mwamuna. Nili na ija chabe."

Sanalire. Zikanakhala bwino akanalira kapena kunditukwana.

Nthawi yomweyo Ba Mwanza anafika ndi ba cheyamani. Ba cheyamani anayang'ana felemu, anayang'ana mashini, n'kubwezera bolopeni m'thumba la shati. Anakakhala pamthunzi wa mango, nati iwo alipo mpaka fifitini awazi, ndiye kuti 3 koloko masana, pambuyo pake ali ndi msonkhano. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Popanda felemu palibe kalata, popanda kalata lole siidutsa lodibuloko, ndipo azimayi awiriwo akanatsala panja ndi katundu wawo, nyumba italowa eni atsopano.

Ba Mwanza anatola liva, anaipukuta, anakaibwezera pansi pa mpando. Kenako anabwera pafupi nane n'kulankhula motsitsa.

"Liva ni ya matayala. Wathyola niwe, uzakonza niwe. Ine nizakuuza chabe, sinizagwilako."

Ndinathamangira kwa kalipentala wa pamsika. Zinthu zinali zosowa zaka zimenezo, sopo ndi mafuta ophikira anthu ankaziimira pamzere, matabwa abwino nawonso sankaoneka. Kalipentala anali ndi tizidutswa ta paini basi. Anandibwereka pulena ndi masikuluu anayi aatali. Ndinabwerera ndi kachidutswa ka paini, Ba Chipungu anakagogoda ndi chala n'kukaponya uko.

"Nakamba mukwa. Ichi chiswe chizadya Khisimasi isanafike."

Ndinaima pabwalopo thukuta likulowa m'maso. Ndiye ndinakumbukira kumene kunali mukwa. Bedi langa. Chinali chinthu choyamba chomwe ndinakhala nacho changachanga chiyambire, ndinali nditagonapo miyezi iwiri yokha, nditakulira pamphasa. Matabwa ake a m'mbali anali a mukwa, aatali ndi okhuthala. Chipinda changa chinali kuseri kwa msika. Ndinathamanga, ndinagwetsa matilesi, ndinamasula thabwa limodzi, ndinabwera nalo paphewa anthu akundiyang'ana ngati wamisala.

Ba Chipungu analinunkhiza, analikanda ndi chikhadabo. "Iyi ni mukwa," anavomera. "Wabela ndani?"

Magazi anakweranso. Ndinali ndi masikuluu aja m'dzanja, ndipo popeza ndinkafuna manja onse awiri, ndinawaluma ndi milomo. Ndipamene ndinazindikira kuti munthu woluma masikuluu sangayankhe. Ndinawasiya momwemo.

Ba Mwanza anakhala pa thayala la sipeya n'kumandiuza. Dula felemu pansi pa pamene mng'alu wathera, koma udule mopendeka, osati mowongoka, kuti thabwa latsopano likhale pa lakale ngati phazi pa sitepe. Chotsa chong'ambikacho ndi tchizulo, pang'onopang'ono, usagwedeze njerwa. Yeza ndi chingwe. Yezanso. Ine kuyezanso ndinakuona ngati kutaya nthawi, dzuwa linali litapendeka. Ndinayeza kamodzi, ndinadula. Nditaliimika, thabwa linaperewera ndi zala ziwiri.

Ba Chipungu anaseka mpaka chipewa chinagwa. "Masamu, mfana! Masamu yali ku Giredi seveni!"

Ndinayang'ana Ba Mwanza. Iwo anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mango. Ba Misitiresi Daka anayang'ana wotchi yawo. Ba Esinati anali atakhala pansi pafupi ndi kampando ka landilodi, dzanja limodzi litagwira nsonga ya chitenje chokulungira mashini.

Bedi lili ndi matabwa awiri a m'mbali. Ndinathamanganso, ndipo nditabwera ndi lachiwiri aliyense anadziwa kuti ndikuphwasula bedi langa.

Ulendo uno ndinayeza katatu. Ndinalemba ndi choko, ndinadula kunja kwa mzere, ndinapala ndi pulena pang'ono, kuyesa, kupalanso, kuyesanso, mpaka thabwa linalowa mothina moti linafuna nyundo. Mukwa wouma ndi wolimba, sowo yathu inali yobuntha, m'manja munatuluka matuza n'kuphulika. Ndinaboola mabowo ndi msomali woyamba kuti thabwa lisang'ambike, ndinamanga polumikiza ndi masikuluu aja, kuwachotsa mkamwa imodzi imodzi. Yomaliza itatuluka ndinalumanso misomali iwiri, chifukwa mdala uja anali asanatope. Anafunsa ngati atate anga amadziwa kuti anabala kalipentala wa mabedi. Anafunsa ngati ndidzagona choimirira ngati bulu. Ine phee, misomali mkamwa. Ndinasema malo a mahinjesi ndi tchizulo, ndinakanda dothi la pachulu ndi mchenga n'kumata pamene pulasitala anagwa.

Ba Chipungu anatuma anthu olowa aja kuti atsitse chitseko chawo pangolo. Anati ayesere pomwepo. Ndinachiimika pakamtengo, hinjesi yapamwamba poyamba popeza uku kunali kumanga, kenako yapansi. Ndinachikankha ndi chala chimodzi. Chinayenda osalira, chinatseka kuti khwa.

Mdala anadzuka. Anatsegula, anatseka. Anatsegula, anamenyetsa mwamphamvu. Anagwira felemu ndi manja awiri n'kuigwedeza ndi thupi lonse. Anapapasa polumikiza. Ba cheyamani anali ataimirira kale akukung'untha thalauzi.

"Nanga penti?" anatero Ba Chipungu.

"Penti ni yanu, ba landilodi," anayankha Ba Mwanza. "Mukwa mwapasiwa watsopano."

Ba Chipungu anawerama, ananyamula mutu wa mashini ndi manja awiri n'kuupereka kwa Ba Esinati. "Ba cheyamani, lembani. Nyumba ili bwino." Potuluka anandidutsa osandiyang'ana, koma ndinamva akuti, "Giredi wani, koma yagwila."

Tinanyamuka fifitini awazi itangodutsa. Pa lodibuloko anawerenga kalata, anasuzumira pansi pa tenti, anatikwezera dzanja. Ine ndinakhala kumbuyo pamwamba pa katundu, chitseko cha Ba Esinati chili pambali panga. Pa hinjesi yapamwamba panali pakadali kachidutswa ka felemu yakale, sikuluu ija ili momwemo. Msewu wa ku Kanakantapa ndi wa fumbi ndi mabampu, koma ndinatulutsa oyilo, ndinadontheza, ndinadikira. Titadutsa minda iwiri kapena itatu ndinaika sikuludilaiva, ndinamenya kamodzi, ndinapotoza. Inatuluka ngati sinakanepo. Inkangofuna nthawi yoti oyilo alowe. Ndinaiika m'kansanza pamodzi ndi zinzake zisanu n'kumangirira pachogwirira.

Ku Kanakantapa mwana wa Ba Esinati anali atamanga kanyumba ka njerwa zosawotcha, pakhomo pali chisaka m'malo mwa chitseko. Titatsitsa zonse, mayiwo anamasula kansanza kaja, anawerenga masikuluu m'dzanja, anandiyang'ana.

"Yonse sikisi," anatero. "Manje iwe uzagona pati?"

"Pansi, amai. Nazolowela."

Anavundukula mashini, anapukusa gudumu lake ndi dzanja kuti amve ngati likuyenda, linayenda. Patapita milungu ingapo munthu wina wa njinga anandipeza pamsika ndi kabudula watsopano wa kaki wochokera kwa Ba Esinati, wosokedwa kawiri kumbuyo.

Ba Misitiresi Daka tinawafikitsa ku Palabana dzuwa likulowa. Kenako tinabwerera ku Chongwe. Ine ndinali nditakonzeka kale kubwerera ku wilibala. Ba Mwanza ataimitsa lole pamsika anazimitsa injini, anayang'ana manja anga otupa.

"Ukaike mchele na manzi yotentha," anatero. "Mawa sikisi awazi. Chimanga."

Matilesi anga anakhala pansi mpaka mvula inatha. Mitu iwiri ya bedi ndinaitsamiritsa kukhoma, ndipo m'mawa uliwonse podzuka ndinkayamba kuiona iyo.

Ndinagwira ndi Ba Mwanza zaka zisanu ndi chimodzi, pambuyo pake ndinaphunzira kuyendetsa. Ndasamutsa anthu ambiri otuluka m'nyumba zogawana, ena akusiyana akuseka, ena osalankhulana. Tsiku lotuluka aliyense amakhala ndi mtima wapachala: landilodi akuopa nyumba yake, wotuluka sakudziwa bwino kumene akupita, wolowa wadikira padzuwa. Mawu oipa amagwera wonyamula katundu chifukwa ndiye wapafupi. Ukawayankha ndi chitsulo, wolipira si iwe. Ndi mayi wina yemwe chuma chake chonse chakulungidwa m'chitenje pakhonde.

Mtima wanga sunasinthe, ndisaname. Umatenthabe msanga. Koma liva sinatulukenso pansi pa mpando pokhapokha thayala litaphulika. Ndipo mpaka lero, ndikamalowa m'nyumba kukamasula chitseko landilodi ali kumbuyo kwanga, ndimayamba ndaluma masikuluu awiri, ngakhale ndilibe pomangira.